Mafuta Ali M'mutu, Wotsuka Ali ku Joni

Nangongwe, Kafue
3 Ogasiti 2024

Mwana wanga Doreen,

Moni wochokera kwa ine bambo wako Luckson, amene ndikupumabe ngakhale ena anandiwerengera kale masiku. Uli bwanji ku Joniko, iwe ndi mdzukulu wanga Yande? Ife kuno tadzuka. Kapena ndinene kuti ndadzuka ine, amayi ako timachita kuwadzutsa.

Kalatayi ndapatsira Shadreck wa thiraki, uja wa nyumba yachitatu kuchokera pathu, amene amapita ku Joni ndi katundu kawiri pa mwezi. Za foni usandifunse. Makutuwa anatsalira ku fakitale, zaka makumi atatu za phokoso la makina, moti pa foni ndimangomva ngati udzudzu uli m'botolo. Mlamu wako Febby foni yabwino ali nayo, koma akuti unamubuloka chaka chatha, ndipo iye sagogoda pa chitseko chimene anamutsekera. Mlongo wako Jeffrey, mwamuna wake, ali ku migodi ku Solwezi. Amabwera ngati mvula ya chaka chino.

Za sitiroko ya amayi ako unamva mu Meyi. Dzanja lamanja linagona, mwendo amachita kukoka, mawu amatuluka theka, theka lina limatsalira m'tsaya. Ine ndapindulapo: zaka makumi anayi ndi zisanu ndikukalipiridwa, lero ndikukalipiridwa theka lokha. Nzeru zawo zimabwera ndi kupita ngati magetsi.

Koma nkhani imene ndatengera cholembera ndi ya mutu. Tsitsi la amayi ako ukulidziwa, lija linandigwetsa pa njinga pafupi ndi siteshoni ndili mnyamata. Chiyambire Meyi lili m'duku, silinaone chipeso. Lauma ngati chiguduli, lapotana ngati chisa cha mpheta. Mkazi amene analuka theka la Nangongwe pansi pa mango wathu, lero akuyenda ndi tchire pamutu. Febby anabwera ndi chipeso, anamugenda ndi kapu. Amayi a gulu la Anna Woyera anabwera atatu, anapemphera, anaimba, atangoti agwire duku anathamangitsidwa ndi ndodo. Lamulo lawo lija sanaliiwale, lakuti mutu saupereka kwa aliyense. Ukawafunsa kuti nanga tipereke kwa yani, amati: “Doreen.” Mawu ena onse amatuluka opunduka, koma dzina limeneli limatuluka lathunthu.

Ndiye ndikufunsa iwe katswiri wa mu saluni, wopesa mitu ya eni dziko: titani nalo tsitsili? Kapena ubwere udzalione wekha. Zaka zisanu ndi chimodzi n'zambiri. Shadreck akuti mpando wa kutsogolo ulibe munthu, ndipo salankhula kwambiri pa ulendo, amangoyetsemula.

Undilembere za kumeneko.

Ndine bambo wako,
Luckson Kamwendo

Yeoville, Johannesburg
18 Ogasiti 2024

Ba Daddy,

Muli shani? Ife tili chabe bwino, Yande ali mu giredi faifi manje. Kalata yanu ndalandira.

Kubwera pakali pano sizingatheke, nchito yachuluka maningi. Ndapatsa ba Shadreck mabotolo atatu: mafuta, shampu na kondishona. Muyambe na mafuta. Mugawe tsitsi mizere mizere na chala, osati chipeso, mudzoze pakhungu mpaka kunsonga. Musafulumire kutsuka, mafuta ayambe alowa. Pambuyo pake shampu, ndiye kondishona, mumasule mfundo na zala pang'ono pang'ono kuyambira kunsonga. Achite ndi ba Febby, si nchito ya mwamuna iyi.

Ndikulemba mothamanga, ba Shadreck akuliza huta panja ndipo kasitomala ali pa mpando na mutu wonyowa. Mupereke moni kwa ba Mummy.

Doreen

Nangongwe, Kafue
1 Seputembala 2024

Mwana wanga Doreen,

Moni. Katundu wafika, zikomo. Mabotolo okongola, a golide m'khosi ngati abishopu. Ndinatsegula la mafuta, kununkhiza, ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Ndi nsatsi! Nsatsi zomwe zija zimamera zokha kuseri kwa chimbudzi chathu. Zinapita ku Joni, zaphunzira Chizungu, zabwerako zitavala tayi.

Febby anayesa Lachiwiri. Amayi ako anakanikiza duku ndi dzanja lamoyo lija, nakana. Tsono apa ndi pamene pali tchimo langa, ndikuulula kwa iwe poti bambo mfumu sanandifunse. Ndinatenga kalata yako n'kuwawerengera mokweza, koma ndinathiramo mchere pang'ono. Ndinati: “Doreen akuti, adadi adzoze mafutawa, ine ndili m'njira, ndidzatsuka ndekha.” Mwana wanga, ukadaona. Duku anavula okha. Anaika mutu pa maondo anga ngati mwana.

Ndinatseka chitseko, chifukwa Goodwell wa nyumba yoyandikana akadandiona, mawa lake Kafue yense akadamva kuti a Kamwendo atsegula saluni. Ndinagawa mizere ndi chala monga unanenera, zala zomwe zinkamanga mabawuti. Theka la botolo linapita. Kondishona naye ndinathira pamwamba pomwepo, ndimati azilowa limodzi, wina asasungulumwe.

Mawa lake ndinatenthetsa madzi. Amayi ako anayang'ana beseni, nayang'ana ine, nati: “Doreen.” Ndinati ndingoyambako pang'ono, iye adzamalize. Anandiyankha bwinobwino ngati sanadwalepo: “Mutu wa mwini.” Anakankha beseni ndi phazi. Madzi amene Febby anawaimira pa mzere maola awiri anamwa ndi fumbi.

Lero ndi tsiku lachisanu. Febby akuti mafuta sapitirira ola, kondishona ndi wa mphindi chabe, akuti anaona pa foni. Ndamuyankha kuti foniyo ilibe tsitsi. Iwe unalemba kuti tisafulumire, koma sunanene kuti kusafulumirako kumatha liti. Pa botolo malemba alipo, koma ndi aang'ono ngati mazira a nsabwe, ndipo Chizungu chake si chija ndinasiyira ine ku pulayimale.

Ndiuze tsono: mafutawa akhale nthawi yaitali bwanji? Ola? Sabata? Mpaka Khirisimasi? Kutsuka sakulola wina koma iwe, ndiye ndipatse tsiku loti ndiwauze. Ngakhale lakutali, bola likhale tsiku.

Bambo wako, mwini saluni,
Luckson

Nangongwe, Kafue
21 Seputembala 2024

Doreen,

Moni kachiwiri. Yankho lako sindinalione. Mkazi wa Shadreck akuti thiraki inamufera ku Zimbabwe, wakhala masabata awiri akudikira chitsulo. Iyi ndapatsira mnzake Lemmy. Sindimudziwa bwino, koma ali ndi nkhope ya munthu wotaya makalata.

Lero ndi masiku makumi awiri ndi asanu mafuta ali m'mutu. Fumbi la Seputembala ukulidziwa, lonse la Nangongwe lapeza pokhala. Pa mutu wa amayi ako tsopano ungathe kudzalapo chibwabwa. Fungo nalo lasintha: poyamba linali la saluni, lero ndi la chiwaya cha tchipisi chosatsuka. Nyerere zapeza pilo. Amakanda tsiku lonse, ndipo kuseri kwa khutu kwatuluka zilonda ziwiri.

M'mawa uliwonse amafuna ndiwatulutsire mpando pakhonde, beseni pambali, thaulo pa maondo. Minibasi ikaima pa kona amatukula khosi. Dzulo munatsika mtsikana wa chikwama chachikulu, amayi ako anayamba kumasula duku. Anali wogulitsa zovala za salaula. Anadutsa osatipatsa ndi moni womwe.

Ndayesa kawiri kuwauza kuti zakuti uli m'njira ndinapeka ndine. Ndikatsegula pakamwa pamatuluka nthabwala, iwo n'kuseka ndi theka la nkhope, ine n'kutseka pakamwa.

Febby wagula lezala. Akuti tingometa zithe, ku tchalitchi kwawo tsitsi ndi tsitsi basi. Ndamuuza kuti kwathu mkazi wamkulu sametedwa mpala popanda maliro, lezala imabwera anthu atachoka kumanda. Iye akuti zimenezo n'zachikunja, nandipempherera m'malilime. Ndinayankha Ameni poti sindinamve kanthu. Lezalayo ndaibisa mu nsapato yanga ya ku tchalitchi, koma mkazi wofuna kumeta sasowa lezala ina.

Usatumize botolo lina. Ndikufuna tsiku.

Bambo wako,
Luckson

Yeoville, Johannesburg
24 Seputembala 2024

Ba Daddy,

Muli shani? Kalata yanu ya pa 1 Seputembala yafika dzulo chabe. Atsikana a mu saluni aseka maningi, makamaka za nsatsi yovala tayi. Ine sindinaseke.

Mwayambanso. Masiku asanu na mafuta m'mutu? Ba Mummy, amene anandiphunzitsa ine nchito iyi? Ndimakudziwani. Ndinu amene munandilembera kuti nyumba yapsa ndibwere msanga, pamene linapsa ndi khola la nkhuku. Ndinunso amene munauza anthu pa mapemphero a mphakati, nditachoka ku ukwati, kuti katundu wabwezedwa ku shopu ndipo risiti inatayika. Anthu anaseka mwezi wathunthu, ngakhale pa mpopi. Ndicho chifukwa ndili kuno, ngati munaiwala.

Koma poti mwafunsa, lembani penapake. Mafuta ndi mphindi makumi atatu, kuchulukitsa ola limodzi. Tsitsi likauma maningi angagone nawo tsiku limodzi, basi. Mutsuke na shampu kawiri. Kondishona ndi wa pambuyo, osati pamwamba pa mafuta: mphindi zisanu, mutsukuluze na madzi ambiri. Mukasiya masiku, fumbi limamatira, khungu limayabwa, tsitsi limathothoka. Ba Febby akunena zoona, muwamvere kamodzi chabe pa moyo wanu.

Tsiku lobwera ndilibe. Ndipo musamauze ba Mummy zinthu zimene ine sindinanene.

Doreen

Nangongwe, Kafue
12 Okutobala 2024

Mwana wanga Doreen,

Moni. Kalata yako yafika Lachitatu pa 9. Mphindi makumi atatu. Zikomo aphunzitsi. Ife tinachita masiku 39, ndiye ndikuona kuti mayeso tinakhoza mopitirira.

Loweruka pa 5 zilonda za amayi ako zinayamba kutulutsa mafinya, thupi kutentha. Tinapita nawo ku kiliniki. Nesi atawavula duku anabwerera m'mbuyo, nandifunsa ngati m'nyumba mwathu mumakhala anthu. Anati mankhwala sangafike pakhungu, tsitsi lichoke lero lomwe. Febby anagwira mapewa, amayi awiri a Anna Woyera anagwira miyendo, ine ndinagwira dzanja lamoyo lija. Ndinafunafuna nthabwala m'mutu mwanga, sindinapeze ngakhale imodzi. Tsitsi linachoka lonse pamodzi ngati chipewa.

Kumeneko sanalire. Titafika kunyumba anapapasa mutu, napapasanso. Kenako anandifunsa: “Ndani?” Ndinati ndani chiyani. Anati: “Wamwalira.” Ndinati palibe, ndi za zilonda chabe. Sanandimvere. Anayamba kuwerenga ndi zala: ine ndilipo, Febby alipo. Lamlungu Jeffrey anafika kudzawaona, anamupindira chala chake. Chinatsala chimodzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nati: “Anali m'njira.” Ndipo anayamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa kwathu, moti anansi anathamangira kuno. Goodwell anayamba kale kutulutsa mipando panja ndisanamugwire mkono.

Choncho, mwana wanga, ndikukudziwitsa mwaulemu kuti unamwalira pa ngozi ya pamsewu, pakati pa Joni ndi Kafue. Pepa kwambiri. Unali mwana wabwino, wamakani pang'ono.

Amayi ako akukhala pansi pa mphasa, mpando akuukana. Nshima akudya mbamu ziwiri n'kukankha mbale. Ndawaonetsa kalata yako, ndawaonetsa tsiku limene unailemba. Akuti ine makalata ndimawerenga za m'mutu mwanga. Ndiwatsutse bwanji?

Za risiti zija ndinanenadi. Zinali zoipa, ndipo ndinazidziwa kuti n'zoipa anthu asanamalize kuseka. Za khola la nkhuku nazonso ndivomera. Koma chilango ukupereka kwa ine chikugwera pa mphasa imeneyi. Bwera adzakukhudze ndi dzanja. Zina zonse sakukhulupirira.

Bambo wako,
Luckson

Yeoville, Johannesburg
23 Okutobala 2024

Ba Daddy,

Makalata awiri afika tsiku limodzi. Ya Seputembala ija inakhala mu thiraki ya ba Lemmy mwezi wathunthu. Ndawerengera m'chipinda chosungira mathaulo, nditatseka chitseko.

Chifukwa chiyani simunalembe poyera kuchokera pachiyambi? Chilichonse mumachikulunga mu nthabwala. Munthu adziwe bwanji kuti apa ndiye mukulira?

Ndikuuzeni chimene sindinakuuzeni. Si za risiti zokha. Mapepala anga anatha zaka zinayi zapitazo. Ndikatuluka pa boda adzandidinda, sindidzalowanso kwa zaka, ndipo Yande ali pa sukulu, saluni ndiyo itidyetsa. Pali munthu akundithandiza za mapepala. Akuti mwina Febuluwale, mwina Epulo.

Ba Febby ndawatsegula pa foni, talankhula. Tagwirizana kuimba vidiyo Lamlungu likubwerali kuti ba Mummy andione nkhope. Ndatumiza maduku awiri ofewa. Zilonda zikapola mudzoze mafuta otsalawo, pang'ono chabe, ola limodzi, mutsuke.

Muwauze kuti ndili moyo. Chonde, ba Daddy, musawonjezerepo kanthu.

Mwana wanu,
Doreen

Nangongwe, Kafue
4 Novembala 2024

Mwana wanga Doreen,

Moni kwa malemu, ndi kwa Yande mwana wamasiye. Maduku afika, amayi ako akuwakhala bwino.

Za vidiyo unaona wekha. Anakuyang'ana, nasisita galasi ndi chala, natembenukira kukhoma iwe ukuitana. Chimene sunamve foni itaduka ndi ichi. Anati: “Jackson naye amavina.” Akunena mlongo wawo uja tinaika zaka zitatu zapitazo, amene mu vidiyo ya ukwati wa Jeffrey akuvinabe mpaka lero. Ndinalumbira kuti uli moyo, ndinagwira korona, sindinawonjezerepo kanthu monga unandilamulira. Anandisisita tsaya nati: “Wabodza iwe.” Ananena mwachifundo, ngati akundithokoza poyesa.

Tsono nazi zimene dzanja likukana kulemba. Akupeza bwino. Zilonda zapola. Tsitsi layamba kumera, loyera, lofewa ngati la khanda. Mafuta ako ndikudzoza ndine, ola limodzi pa wotchi ya Febby, n'kutsuka. Sakukananso, mutu ulibenso mwini. Akudya mpaka kupempha ina. Pakhonde amatuluka opanda beseni, minibasi zimaima n'kupita iwo akusenda nyemba ndi dzanja limodzi. Chiyambire Meyi sindinawaone ali pa mtendere chonchi. Chinkawadya ndi kudikira. Maliro awachiritsa.

Nanenso ndinameta. Anati bambo wa mwana sakhala ndi tsitsi mkazi wake ali mpala. Anandimeta ndi Goodwell, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanaseke. Tikakhala pakhonde awirife tili ngati mazira m'mbale.

Loweruka linali tsiku lokumbukira akufa onse. Ukudziwa mmene timachitira: kulemba maina a akufa athu pa pepala, kuika mu envulopu, n'kukasiya patsogolo pa guwa mwezi wonse. Ndinalemba makolo anga, makolo awo, ndi Jackson. Nditati ndipinde pepala, anandigwira dzanja naloza mzere wotsatira. Kuwerenga anaiwala, koma D amamudziwa, ndipo anali kumudikira. Ndinayang'ana Febby, Febby anayang'ana kudenga.

Ndinalemba. Uli pa nambala sikisi. Envulopu ili pa guwa, parishi yonse ikukupempherera mpaka pa 30.

Za Febuluwale kapena Epulo sindiwauza, masiku ndasiya kulonjeza. Ukadzabwera usadzafikire pakhomo. Udzayambe kwa Goodwell, unditumire mawu, ndione kaye ngati mtima wawo ungapirire kuuka kwa akufa.

Maina enawo ndinalemba ndi bolopeni. Lako ndalemba ndi pensulo.

Ndine bambo wako,
Luckson Kamwendo